Nkhope za m'basi ya ku Thamesmead

Dzulo mwana wanga anakuwa ali pabalaza kuti sewero la pa TV la munthu woyenda m'mlengalenga lapeza wosewera watsopano.

Ndili wamng'ono ndinkaonera seweroli ndi bambo, titafunda bulangete limodzi lonunkha fodya. Munthuyo atafa n'kudzuka ndi nkhope ina, ndinalira.

"Usalire, ndi yemweyo," anatero bambo. "Wangosintha nkhope."

Bambo atamwalira, mtembo wawo unapita kumudzi ine osauona. Ndiye m'basi ya ku Thamesmead, dera lomwe tinkakhala kunja kwa dziko lathu, ndinkayang'anitsitsa mwamuna aliyense wokwera.

"Amayi, kodi si awo?"

"Khala pansi, iwe," ankatero amayi akutembenukira kuwindo.

Nditakula ndi pamene ndinazindikira kuti amayi ankatembenukira kuwindo chifukwa analibe chondiyankha.