Malipenga Awiri a ku Nathenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira, ndipo m'nyumba mwathu pa Mitundu tinatsala awiri, ine ndi bambo. Bambo anga, a Mbewe, anali okonza mawailesi. Ankagwirira ntchito pakhonde, ndipo sanali munthu wa nkhani zambiri ngakhale amayi ali moyo. Maliro atatha, mawu ochepa omwe anali nawo aja anatheratu. Tinkadya moyang'anizana, aliyense maso ali m'mbale, dzina la amayi osalitchula. Zovala zawo zinapita kwa abale awo. Chimene chinatsala ndi kaseti imodzi ya kwaya ya amayi a kutchalitchi, momwe iwo ankatsogolera nyimbo, ndipo bambo anaiika pansi penipeni m'bokosi lawo lamalata.

Kwawo kwa amayi ndi kufupi ndi Nathenje, ndipo kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Amalume anga, a Lemani, eni mbumba, anabwera kudzanena kuti sukulu ikatsekera ndikakhale kumudzi ndi amayi aang'ono. Bambo anapempha kuti ndikhale nawo mpaka nditamaliza pulayimale. Amalume anafunsa kuti azindidyetsa chiyani, popeza wailesi ikafa anthu anali atayamba kungogula ina yotchipa. Funsoli linkapweteka, koma silinali labodza. Bambo anayankha kuti akuyamba ntchito yokuza mawu pa maukwati, ndipo ukwati woyamba anali ataupeza kale. Amalume anati adzabwera tsiku la ukwatilo kudzaona ndi maso awo. Zikadzayenda, ndidzatsala ndi bambo. Ine kumudzi sindinkakufuna m'pang'ono pomwe. Nyumba yathu inali ya zii, komabe munali momwe amayi anakhalamo.

Kunsi kwa bedi la bambo kunali ampulifaya yakalekale, makina okuzira mawu, yolemera ngati mphero, imene munthu wina anaisiya kuti ikonzedwe osabweranso. Inali ya mavavu, timabotolo tagalasi timene timafiira ngati makala makina akatentha. Bambo anali ataidzutsa, koma inalibe polankhulira. Inkafunika malipenga, zokuzira mawu zachitsulo zokamwa kwakukulu zija, ndipo anamva kuti ku Nathenje kuli mkulu wina, a Jailosi, amene ali nawo awiri.

Tinapita Loweruka panjinga, kudzera msewu wafumbi, ine nditakhala pakaliyala. A Jailosi paunyamata wawo ankayenda m'midzi kuonetsa kanema, ndipo malipengawo tinawapeza m'khitchini, lina nkhuku ikuikiramo mazira. Anawatamanda kuti akalankhula pa Nathenje anthu ankamva ali ku Nkhoma. Bambo anatulutsa batire la tochi m'thumba, nagunditsa timawaya ta lipenga loyamba. Linati khe, khe. Lachiwiri linangokhala duu. Anamasula kumbuyo kwake, napeza mavu atamangamo chisa chadothi. Anachichotsa ndi nthenga mosamala kwambiri kuti asaboole kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera potulutsa mawu. Atayesanso, nalonso linayankha. Ndinaona bambo akumwetulira koyamba chichitikireni maliro.

A Jailosi anasilira njinga yathu, ndipo anagwirizana ndi bambo zosinthana njingayo ndi malipengawo. Tinabwerera pa minibasi kudzera m'tauni, aliyense atafungatira lipenga lake. Kondakitala anafunsa ngati tikupita kukadzutsa akufa, anthu nkuseka. Mawuwa anandilasa, koma iye sankadziwa za maliro athu.

Sabata yonse yotsatira bambo anali pa malipengawo. Anawapala dzimbiri, kuwapaka utoto wotuwa, nkuwamangirira pa mitengo iwiri yabulugamu pafupi ndi zenera. Ankasuntha lina pang'ono, kupita kukaima kumsika umene unali pafupi ndi nyumba yathu, kumvetsera, kubwerera kudzasunthanso. Ampulifaya ija sinali yaphuma. Ukaiyatsa unkadikira kaye mavavu afiire, kenako mawu ankabwera okha pang'onopang'ono, onenepa bwino, osalasa m'makutu. Amayi ogulitsa tomato ankavina ali chikhalire. Tsiku lina akumanga mawaya kumbuyo kwa makinawo, bambo anandiyitana.

"Nambewe, makina awa sayatsidwa malipenga asanalumikizidwe. Wamva?"

Ndinati ndamva. Chifukwa chake sanandiuze, inenso sindinafunse. Ndinaliika m'gulu la malamulo ena a akuluakulu, monga loti mwana asakhale pamtondo.

Ukwati unali Loweruka. Lachinayi masana, nditaweruka kusukulu, ndinapeza bambo atapita kunyumba yaukwati kukazika mitengo. M'nyumba munali ine ndekha ndi makina aja. Kunena zoona, ndinali nditaganiza zimenezi kwa masiku angapo. Ndinkayesa kukumbukira mawu a amayi koma ankandithawa. Nkhope ndinkaiona, mawu ayi, ndipo zimenezi zinkandiopsa kuposa imfa yeniyeniyo. Ndinatsegula bokosi lamalata nkutenga kaseti ija.

Vuto linali limodzi. Chilichonse cholowa m'makinamo chinkamveka msika wonse. Ndinaganiza za amayi a tomato aja akugwedeza mitu, akuti mwana wamasiye uja wayamba kulira mayi ake. Chisoni cha anthu chinali chitanditopetsa. Ndiye mwa nzeru zanga, zomwe ndinkaziona zakuya, ndinamasula mawaya a malipenga onse awiri, ndinaika kaseti mu choimbira makaseti cholumikizidwa ku ampulifayayo, nkuyatsa.

Mavavu anafiira. Poyamba kunali chete. Kenaka nditayandikiza khutu, ndinamva kanyimbo kakang'ono ngati ka udzudzu kakuchokera m'kabokosi kachitsulo kakuda kamene kanali kuseri kwa mavavuwo. Anali amayi. Ankayambitsa nyimbo, anzawo nkumavomera. Ndinagwada pansi, khutu pafupi ndi chitsulo chofunda, misozi ili chuchuchu. Ndinafuna kuwamva bwino, ndiye ndinakweza mawu. Ndinakwezanso mpaka pothera. Munamveka kuthetheka, kenako fungo la waya wopsa, ndipo kautsi kanatuluka m'kabokosi kaja. Amayi analeka kuimba.

Ndinazimitsa makinawo, ndinabwezera mawaya mmene ndinkaganizira kuti analiri, nkutsegula zitseko kuti fungo lituluke. Bambo atabwera anaima pakhomo nanunkhiza. Anapita pa makina, anawayatsa, anadikira, koma malipenga anangoti zii. Anawatembenuza nayang'ana mawaya aja nthawi yaitali. Ine ndinali pakhonde, ndikusankha nyemba zosankhasankha kale, kudikira kuitanidwa. Sanandiitane. Anangoti thiransifoma, kabokosi kakuda kaja, yapsa, ndipo mawa alawirira m'tauni kukafuna ina.

Lachisanu m'mawa atachoka m'pamene ndinakumbukira kuti kaseti ndinaiiwala m'makina. Ndinathamanga kukaona, koma munalibe. Ndinaipeza m'bokosi lamalata, pansi penipeni, pamalo pake. Ndinadziwa kuti akudziwa.

Anabwerako dzuwa litapendeka, chimanjamanja. Okonza mawailesi a m'tauni anawauza kuti zinthu zoterozo zinatha kalekale. Eni ukwati anakabwereka zokuzira mawu zamakono kwa munthu wina, ndipo Loweruka nyimbo zake zinkamveka mpaka pakhomo pathu pamene amalume ankafika. Anakhala pampando, anayang'ana malipenga otuwa aja ali pamitengo yawo, nafunsa chimene chachitika. Ine ndinali pamphasa chapafupi. Ndinali nditatsimikiza kuti bambo akanditchula ndivomera.

"Ndinalakwitsa ndine, alamu," anatero bambo. "Ndinayatsa ndisanalumikize malipenga."

Amalume anapukusa mutu. Anati ngati mmisiri akuwotcha yekha chuma chake, mwana angamusunge bwanji? Sanalankhule mwaukali, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Bambo anangowerama. Ine ndinatsegula pakamwa, koma bambo anandiyang'ana kamodzi kokha, nkundituma kukatereka madzi a tiyi. Ndinapita, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti ndinapita mofulumira chotero.

Sukulu itatsekera ndinasamukira ku Nathenje. Amayi aang'ono sanandizunze, ndisawanamizire. Ndinkadya, ndinkapita kusukulu, ndinkagona ndi ana awo pamphasa imodzi. Koma madzulo ndinkakonda kukaima m'mphepete mwa msewu waukulu nkumayang'ana maminibasi, ngati kuti wina atsikamo. Bambo ankabwera mwa apo ndi apo, wapansi kuchokera pa siteji, atanyamula kasopo kapena makope. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kufunsana za sukulu ndi za mvula, basi. Kumudziko nkhani yoti a Mbewe anawotcha okha makina inasanduka nthabwala ya pamowa. Ndinkaimva, osanena kanthu. Ndinazindikira pang'onopang'ono chifukwa chimene anasenzera mlandu wanga: sanafune kuti ndikalowe pakhomo pa eni ndi mbiri ya mwana wowononga zinthu.

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndiwauze. Ndinali nditakwatiwa kale, ndili ndi ana awiri, iwo atagonekedwa m'chipatala ku Nkhoma, ine ndikuwadikirira. Masana ena nditawamwetsa phala, ndinangoyamba kulankhula. Ndinafotokoza zonse, za mawaya, za kaseti, za kanyimbo ka m'kabokosi kachitsulo. Anamvetsera maso ali kudenga.

"Ndinkadziwa, Nambewe," anatero. Kenako anafunsa: "Unawamva amayi ako?"

Ndinati ndinawamva, koma pang'ono chabe.

"Ine sindinawamvenso. Ndinkaopa kuimvera ndekha kaseti ija. Ndinkadikira kuti mwina tsiku lina udzandipempha."

Ndinatuluka panja ngati ndikukatsuka kapu, ndipo ndinakalirira kumpopi. Bambo anamwalira patapita masabata awiri.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti mwana azimvera malangizo ngakhale sanauzidwe chifukwa chake. N'zoona, koma si zimene zimandiwawa. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti m'nyumba muja tinali anthu awiri osowa munthu mmodzi yemweyo, ndipo aliyense ankabisira mnzake poganiza kuti akumuteteza. Ndikanangonena kuti bambo, ndikufuna kumva mawu a amayi, akanaika okha kasetiyo, tikanalira limodzi, makina akanakhala amoyo, ndipo Loweruka lija amalume akanavomera kuti nditsale ndi bambo. Mawu ochepa okha amenewo ndinawaopa, ndipo ndinakula kutali ndi bambo anga.