Galasi Lomwe Che Fikirini Analikana

Che Fikirini Ajibu ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina pa Lirangwe. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zala zazitali zowonda. Anaphunzira ku madrasa basi, ndipo Chingerezi chawo chinali cha mayina a mawotchi okhaokha. Koma chinthu chikalowa m'manja mwawo, kaya ndi loko kaya ndi mpope wa njinga, chinkabwerera kwa mwini wake chikugwira ntchito.

Mu 1969, wailesi italengeza kuti azungu aponda pamwezi, pa Lirangwe panabuka mkangano wa sabata yathunthu. Ena ankati ndi bodza, ena ankati ndi mwano kwa Mulungu. Loweruka lake kunabwera a Stewart Nankwenya, mphunzitsi wa pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Chileka, kudzakonzetsa wotchi yawo. Atamvetsera mkanganowo anati, "Mukukangana za malo oti simunawaone n'komwe. Kumwezi kuli mapiri ndi zigwa. Munthu atha kudzipangira yekha chouonera, dzina lake telesikopu. Buku lake ndili nalo."

Anthu anaseka. Che Fikirini sanaseke. Anthu atabalalika anafunsa, "Aphunzitsi, bukulo likuti pamafunika chiyani?"

"Magalasi awiri ochindikala, mchenga wolimba wopalira, madzi, ndi munthu wosatopa."

"Munthuyo alipo. Bweretsani bukulo."

Magalasi anawapeza kwa munthu wogulitsa zitsulo zakale ku Limbe, awiri ozungulira, kukula kwake ngati mbale yodyera. Chopalira anachipempha kwa makaniko wa pa Lunzu, phala lija amapalira mavavu a galimoto. Che Fikirini ankalitsuka, kulisungunula m'madzi, n'kudikira kuti lokhakhala likhale pansi, losalala liyandame, kenako n'kuthira m'mabotolo osiyana. Kuseri kwa nyumba yawo anaimika diramu lodzaza mchenga. Galasi limodzi analikhazika pamwamba pa diramulo, linalo n'kumalikankha pamwamba pa linzake, kutsogolo ndi kumbuyo, uku akuzungulira diramulo pang'onopang'ono kuti galasi lapamwambalo lilowe m'kati ngati lichero.

A Stewart ankapalasa njinga Loweruka lililonse kuchokera ku Chileka. Ankakhala pamtondo, buku pamwendo, kuwerenga ndi kumasulira. Manja anali a Che Fikirini. Akazi awo, a Mwanahawa, ankangopukusa mutu. "Anzanu amapera mawere, inu mukupera galasi. Tidzadya limenelo?"

Patatha miyezi isanu, galasi litayamba kusalala, mphepo inagwetserapo kamchenga kamodzi. Kanalemba mzere kuchokera m'mphepete mpaka pakati. A Stewart anati mwina angolisiya choncho. Che Fikirini anakana, nabwereranso kubotolo la phala lokhakhala. Ntchito ya miyezi iwiri inapita pachabe.

Kupukuta kunatenga nthawi kuposa kupala. Anasungunula phula la mumsewu, kulithira pagalasi lapansi, n'kumapukutirapo ndi ufa wofiira wa osula mphete. Galasi litatha, mmwenye wina wopanga magalasi oonera nkhope ku Limbe analipaka siliva. Paipi yoikamo galasilo Che Fikirini anaipinda okha ndi malata, kutalika kwake ngati munthu. Poonera anaikapo kagalasi kawo kaja koonera m'kati mwa wotchi.

Analiyesa koyamba mu Juni 1971, Che Fikirini atangochoka kupemphero la magharibi, lochitika dzuwa likalowa, mwezi uli theka.

"Yambani ndinu, achimwene," anatero a Stewart. "Manja ndi anu."

Che Fikirini anawerama, naika diso. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ataweramuka anangoti, "Subhanallah," n'kukhala pansi padothi. A Mwanahawa nawo anasuzumira, nati mweziwo ndi wazipsera ngati munthu amene anadwala nthomba, koma sanachokepo msanga.

A Stewart anapempha kuti abwereke chipangizocho ana a sukulu akaoneko. Che Fikirini anachikulunga m'ziguduli, kuchimanga panjinga, n'kukachitula okha kunyumba ya aphunzitsi. Sukuluyo inali pamtunda pamene ndege zopita kubwalo la Chileka zinkadutsa zikutsika. Masiku atatu, dzuwa likangolowa, ana ankafola pabwalo la mpira kudikira kuona mwezi. Tsiku lachinayi mphekesera inali itafika kale kutali: mphunzitsi wina ali ndi mzinga, ndipo amaulozetsa kumene kumadutsa ndege za akuluakulu. Masiku amenewo mawu oterewa ankakwana kusowetsa munthu.

Tsiku la msika pa Lirangwe panafika amuna atatu pagalimoto. Awiri anali achinyamata a chipani, wachitatu wovala jekete la sutu ndiye ankafunsa. Anayamba ndi khadi la chipani. Che Fikirini analitulutsa.

"Ndinu amene munanyamula mzinga panjinga kupita nawo ku Chileka?"

"Si mzinga, bwana. Ndi choonera mwezi."

"Anapanga ndani?"

Anthu a pamsika anali atazungulira khonde. Che Fikirini anaganiza za ana awo anayi. Anakumbukiranso telala wina wa pa Lunzu amene anatengedwa chaka chapitacho osabwerako.

"Ndi cha aphunzitsi," anatero. "Ine anangondilemba ganyu yopukuta galasi. Ntchito yake sindiidziwa. Buku ndi lawo, nzeru ndi zawo. Ine sukulu sindinapite."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti n'choonera mwezi?"

"Ndi mmene anandiuzira. Kaya n'zoona, ine sindidziwa."

Palibe amene anawakakamiza kunena mawu omalizawa. Anatuluka okha. Wa jekete uja anawalemba m'kabuku, n'kuwauza kuti akwere galimoto akaloze nyumba. Anakwera. Atafika pasukulu sanatsike. Analoza ndi chala ali m'galimoto momwemo. Anaona a Stewart akutuluka m'kalasi, choko chili m'manja. Anaona paipi ya malata ikuponyedwa kumbuyo kwa galimoto, ndipo anamva galasi likusweka m'kati mwake. Amuna aja anawakweza a Stewart kumbuyo komweko. Che Fikirini anatsitsidwa pamphambano, nayenda wapansi mpaka ku Lirangwe.

A Mwanahawa anali atamva kale. Sanakalipe. Anangofunsa, "Bambo a Safia, ganyu yake anakulembani liti? Ine sindinaione."

A Stewart anakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi itatu popanda mlandu kuzengedwa. Ntchito inatha. Akazi awo, a Rosemary, anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu. Tsiku limene ankasamukira kwawo kwa Chigaru anadutsa pa Lirangwe pangolo ya ng'ombe, ana atakhala pamwamba pa matiresi. Che Fikirini ataiona ngoloyo ikubwera anasiya wotchi yotsegula patebulo, nakabisala kuseri kwa sitolo mpaka itapitirira.

Palibe amene anawanyoza pamaso. Ambiri pamsikapo ankadziwa kuti akanakhala iwo akanachita chimodzimodzi, ndipo ena ankawauza zimenezo powatonthoza. Koma Che Fikirini anasintha. Kumzikiti anasiya mzere wakutsogolo n'kumaima chakukhomo. Diramu lija anagulitsa kwa mayi wina wotunga madzi. Mkangano uliwonse ukabuka pakhonde, iwo ankaweramira pa ntchito yawo osayankhira.

A Stewart atatulutsidwa, Che Fikirini anamva tsiku lomwelo. Kwa Chigaru ndi pafupi, koma panapita chaka chathunthu asanapondeko. Kawiri konse anafika pamtsinje wa kufupi ndi mudziwo n'kubwerera. Kachitatu a Mwanahawa anawaperekeza, atanyamula nkhuku, nawauza kuti akabwereranso iwo apitirira okha.

Anawapeza a Stewart akusenda chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Anali ataonda, mano akutsogolo atachoka, ndipo khutu limodzi silinkamva. Anapatsana moni wonse bwinobwino, kufunsana za ana ndi za mvula. Kenako Che Fikirini anavula chisoti chawo.

"Aphunzitsi, ndabwera kuti ndinene zimene ndinachita."

"Ndikuzidziwa. Anandiwerengera mawu anu onse tsiku loyamba lomwe."

"Ndinanama."

"Eya. Ndiye anandifunsa ngati zinali zoona kuti inu munali waganyu chabe. Ndinati n'zoona."

Che Fikirini anayang'ana pansi. Zimenezi sanazidziwe. Zaka zonsezo ankaganiza kuti anapulumuka ndi bodza lawo lokha.

"Chifukwa chiyani?"

"Tikanalowa tonse awiri zikanathandiza yani?" A Stewart anapitiriza kusenda chinangwa. "Koma ndisakunamizeni, achimwene. Kuti munanditchula sikunandiwawe kwambiri, aliyense amaopa. Chinandiwawa n'choti munati simudziwa ngati chimaonadi mwezi. Inuyo, amene munayamba kuona. Miyezi yoyamba ija ndinkakudani kwambiri. Kenako ndinatopa nazo."

A Rosemary anabwera ndi madzi akumwa, napatsa a Mwanahawa okha. Nkhuku anailandira, koma sanawayang'ane Che Fikirini.

Kuyambira pamenepo Che Fikirini ankapita kwa Chigaru nthawi ya dzinja kukathandiza kupalira, popeza a Stewart msana unali utawonongeka. Ankafika m'mawa ndi khasu lawo, kulima mpaka dzuwa litatentha, n'kubwerera osalowa m'nyumba. A Stewart nthawi zina ankabwera kudzakhala m'mphepete mwa munda, n'kumacheza za mitengo ya fetereza ndi za mpira. Za nyenyezi sanakambenso. Kamodzi a Stewart anati magalasi ena atha kupezeka ku Limbe. Che Fikirini anati maso awo akalamba, ngakhale kuti mawotchi ankawakonzabe.

A Stewart anamwalira mu 1983 ndi chifuwa chimene anachitenga kundende. Pamaliro Che Fikirini anakhala kumapeto kwenikweni, kuseri kwa anthu a kwaya. Mwambo utatha, a Rosemary anatuma munthu kuti akawaitane.

"Malemuwa anandiuza kuti ndidzakuuzeni kuti nkhani ija inatha," anatero a Rosemary, atakhala pamphasa pakati pa azimayi. "Ndakuuzani. Amenewo ndi mawu awo. Anga ndi oti ine ndinagona ndi njala ndi ana zaka ziwiri, ndipo sindinaiwale."

"Mukunena zoona, mayi," anayankha Che Fikirini.

"Kumunda kuja musavutikenso. Ana akula."

Anavomera ndi mutu, natsazika. Dzinja lotsatira sanapite. Anakhala pakhonde lawo pa Lirangwe zaka zina zisanu ndi ziwiri, mpaka mawotchi a mabatire atachuluka ndipo ntchito inachepa. Anamwalira mu 1991. Mwana wawo woyamba, Safia, amene anandifotokozera zambiri mwa izi, akuti nkhaniyi sanaimve kwa anthu apadera. Bambo ake anamuuza okha, atadwala kale, ndipo anayambira pa mawu amene ananena pamsika paja.