Golide pa keke ya Tadala

Mwaswera bwanji abale nonse.

Wayamba kundiuza ndi mwana wanga Esinati, mayi ake a Tadala. Wandiimbira masana ano kuti, "Amayi, Tadala waona chithunzi cha keke ija, wadzitsekera kuchipinda akulira."

Wolakwa ndine. Mdzukulu wangayu akukwatiwa Loweruka, ndiye anandipempha kuti ndimuphikire keke. Ananenetsa kuti, "Agogo, kaufa konyezimira kopaka pamwamba kakhale kasiliva, kafanane ndi diresi langa."

Koma m'mawa uno ku Limbe nditaona kabotolo ka golide, mtima unapita kutali. Ndinakumbukira ukwati wanga ku Ndirande, nthawi ya chipani chimodzi ija. Keke yathu tinangoiwaza shuga wosinja mumtondo, ine n'kumasirira zonyezimira za m'mawindo a m'tauni. Basitu ndagula golideyo, ndafika n'kupaka keke yonse, n'kutumiza chithunzi chake kwa Esinati.

Pano ndi pamene ndazindikira kuti ndakongoletsa keke ya ukwati wanga, osati wa mwana.

Ndikuthokoza Mulungu kuti masiku awiri akadalipo. Ndipale zonse ndiyambirenso usiku usanafike, kapena ndiyambe ndapita ku Chilomoni kwa Tadala kukamupepesa? Tandiuzani maganizo anu.

Mutikumbukire m'mapemphero, mwanayu akalowe m'tchalitchi akumwetulira.