Nankafumbwe wa m'bokosi la intaneti

Tsiku limenelo tinalipo asanu: ine mwini khomo, mayi a kunyumba, mlongo wanga wamkulu, akatekisita a mudzi uno, ndi asewere, bambo ake a mpongozi wanga, amene anapalasa njinga kuchokera ku Lifidzi. Tinasonkhana kuti nditche dzina mdzukulu wanga, chisamba cha mwana wanga wamwamuna amene amakhala ku Tete. Pabanja pathu sutcha mwana dzina usanamuone nkhope. Ndiye tinapangana kuti tsiku lotuluka m'chikuta amuonetse pa telefoni, ine nditchule.

M'nyumba mwanga telefoni payokha sigwira. Redi, kapena kuti netiweki, imapezeka pachulu, kuseli kwa khola la ng'ombe, nayonso ya mawu okha. N'chifukwa chake mwana wangayo anabweretsa bokosi la intaneti, iye amati rauta, n'kumanga waya wake pansonga ya bulugamu. Mudzi wonse uno linali kwa ine ndekha.

M'mawa ndinati ndilipukute, alendo asaone fumbi. Limakhala pafupi ndi matumba a chimanga. Kuseli kwake ndinapeza kabowo kakang'ono, kozungulira bwinobwino. Ine ndakalamba ndi chimanga, bowo lotero ndimalidziwa mwini wake. Nankafumbwe! Ndinatenga sipoko ya njinga n'kulowetsa. M'kati china chake chinati khethe. Ndinati ndakupeza, n'kukanikiza osasiya kuti afe ndithu. Timagetsi tonse tinazima. Titayakanso, kamodzi kanali kofiira.

Sindinauze munthu.

Nthawi itakwana, telefoni inakana. Akatekisita anasuzumira.

"Abambo, ikufuna senya."

Senya imene ndinkaidziwa ine ndi kapepala kaja amakupatsa pamzere wa feteleza. Ndinakwera pachulu kukaimbira mwana.

"Iwe, bokosi lako likufuna kapepala!"

"Si kapepala, ababa. Ndi malemba otsekulira. Ali pansi pa bokosi, koma ine ndinaika ena. Likufunsiranji?"

"Funsa ilolo."

Ndinatsika, n'kutembenuza bokosi. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, koma dzina langa ndimalemba ndekha, ndiye ndinati ndiwerenga. Timalemba take ngati mazira a nsabwe. Pali zero, pali O, onse mimba imodzi. Ndinayesa katatu.

"Asewere, kodi mukuwerenga kapena mukuwopseza bokosilo?" anatero a ku Lifidzi.

"Khalani pansi, inu mumadziwa nyemba basi."

"Apatseni akatekisita," anatero mayi a kunyumba. "Mawu akulu sayatsa magetsi."

Ndinawapatsa. Iwo kamodzi kokha telefoni inalowa. Koma kagetsi kofiira kanali pomwepo, nkhope ya mwana osabwera. Ndinabwerera pachulu, iye akundiuza zochita, ine n'kumakuwira a m'nyumba. Zimitsani! Dikirani! Yatsani! Tulutsani kakhadi, bwezerani! Anthu opita kudimba anaima m'njira kumvetsera. Palibe chinasintha.

Kenako mwana wanga anafunsa mofatsa.

"Ababa, kuseli kuli kabowo. Mwakagwira?"

"Ndapha nankafumbwe."

Apo m'pamene anandimasulira.

"Mwafufuta zonse zimene ndinaikamo. Tsopano lili ngati la m'sitolo, silidziwa kolowera. Manambala ake ndinalemba m'kope limene lili kuntchito. Lero sizitheka."

Ndinatsika n'kunena monga zinalili. Mlongo wanga ndiye anayamba.

"Mwana watuluka m'chikuta lero. Akhale wopanda dzina chifukwa cha sipoko yako?"

"Ndiye nditche munthu amene sindinamuone? Chimenecho ayi."

Asewere anatsokomola.

"Ine ndinapita ku Tete atangobadwa. Ndinamunyamula m'manja muno. Mphumi ndi ya kwanu, sindikana, koma womuona ndine."

Mwambo wa nkhopewo ndinaulimbikira ndekha pamaso pawo. Ndinawapatsa telefoni, ndipo anakwera chulu changa atavula chipewa. Amayankhula motsitsa iwo aja, moti tinachita kusendera kuti timve. Dzina anatchula labwino. Zoona n'zoona. Amayi analulutira, tinamwa thobwa, alendo anapita dzuwa lisanapendeke. Langa lija, limene ndinalisunga kuyambira nditamva kuti mpongozi ali ndi pakati, linatsala m'kamwa.

Patapita masabata awiri mwana wanga anabwera ndi kope lake. Anakhala pampando, n'kumadina telefoni, madzi osamba asanafunde n'komwe kagetsi kanasanduka kobiriwira. Pakabowo paja anamatapo pulasitala. Anaimbira mkazi wake, ndipo ndinamuona mdzukulu wanga, ali ndi dzina kale. Mphumi inalidi ya kwathu.

Pomuperekeza kokwera chapa, minibasi ya ku Ulongwe, anandifunsa dzina limene ndinkafuna kutchula. Ndinakana kumuuza. Anaseka pang'ono.

"Lisungeni, ababa, wachiwiri adzabwera. Koma tsiku limenelo mudzakwere chapa, mudzabwere nokha."