Wasayansi wathu wachotsedwa ndi kalata ya mizere itatu

Lachiwiri lapitali ndili pa siteji ya Nsaru, ndinaona mayi wina atakhalira chikwama chachikulu, jombo za m'munda atazimangirira pambali. Nditayang'anitsitsa ndinawazindikira. Anali a Nabanda, wasayansi wa za mbewu amene boma linatitumizira kuno pa kontrakiti ya chaka chimodzi.

Ine ndine mphunzitsi koma ndimalimanso, ndipo ife alimi a mtedza timawadziwa bwino. Ndi iwo anatiphunzitsa kayanikidwe koti mtedza usagwire chuku. M'munda ankalowa ngati mwana wa pamudzi pompano, matope osawaopa.

"Kodi ulendo wa kuti ndi katundu yenseyu, mayi?" ndinafunsa.

"Kwathu, aphunzitsi. Ntchito yatha."

"Chaka chakwana kale eti?"

Anapukusa mutu n'kundipatsa kalata. Mizere itatu basi. Akuti khalidwe lawo silinasangalatse akuluakulu, choncho asapondenso ku ofesi.

Nkhani yake ndi iyi. Kunabwera mbewu ya mtedza yoti igawidwe kwa alimi, ndipo a Nabanda anapatsidwa ntchito yoyesa kameredwe kake. Anadzala pang'ono m'mathireyi a mchenga. Yambiri sinamere. Anabwereza, zomwezo. Abwana awo anati mvula yayandikira, alimi akudikira, iwo angosayina kuti mbewuyo ili bwino. Anakana.

"Ndikanasayina, mukanadzala ndinu," anatero. "Nanga ndikanakuyang'anani ndi maso ati?"

"Ndiye anakuyitanani kuti mufotokoze mbali yanu?"

"Andiyitane ndani? Akuti ine ndine wa kontrakiti chabe. Ndinapempha kuti wina ayesenso ine ndili pomwepo. Yankho lake ndi kalata mwagwirayo."

Minibasi itafika ndinawathandiza kukweza chikwama, iwo n'kumapita. Ine ndinatsala ndi manyazi ngati ndawachotsa ndine.

Tsono mundimvetse, abale anga. Ine si wasayansi. Mwina a Nabanda analakwitsa poyesapo, munthu ndi munthu. Mwinanso pokana paja mawu anatuluka olimba. Koma tidziwa bwanji popanda kuwamva?

Kumpingo kwathu, munthu akamveka mbiri yoipa, akulu ampingo sangomudula. Amamuyitana, amamuuza chomwe akunenezedwa, iye amayankha, mboni zimalankhula. Ngati zimenezi zimatheka pa benchi la m'kachipinda ka tchalitchi cha kumudzi, zikukanika bwanji mu ofesi ya anthu ophunzira?

A Nabanda sali okha. Alipo oyesa madzi a m'mijigo, oyesa dothi, otsata matenda a ziweto, onse olembedwa kwa miyezi yowerengeka. Ntchito amagwira yofanana ndi anzawo okhazikika, koma kontrakiti ikamayandikira kutha amayenda monyang'ama, osadziwa ngati aiwonjezera. Wina wa za ziweto anandiuzapo ku Kabudula kuti akadwala amabisa, kuopa kuoneka waulesi.

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zoonadi, anthuwa amabwera n'kupita. Koma zomwe amasayina sizikamuka ayi. Zimatsala m'minda mwathu ndi m'mimba mwa ana athu.

Wasayansi wamantha ali ngati sikelo ya venda wosakhulupirika: imaloza pamene mwini wake akufuna.

Sindikunena kuti wa kontrakiti asamachotsedwe ntchito. Wolakwa achoke ndithu. Koma auzidwe mlandu wake momveka, apatsidwe mpata woyankha, ndipo woweruza asakhale bwana yemweyo amene wakangana naye. Kodi pamenepa ndapempha zambiri?

Dzulo ndamva kuti pa desiki ya a Nabanda pakhala kale wasayansi wina, nayenso wa kontrakiti, nayenso ali ndi banja lomuyang'ana. Zomwe zagwera mnzake wazimva zonse.

Mawa akapeza kuti china chake sichili bwino, inu mukuganiza kuti adzatiuza?