Eufemia Wokazinga Mapapo

Aliyense amene anadyapo mapapo okazinga pamsika waukulu wa mumzinda wa Cali ankamudziwa Eufemia Lucumí. Anali mayi wamtali, wa mawu omveka mpaka kokwerera basi, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. Chiwaya chake chinali pakona, moyandikana ndi tebulo la Don Ovidio wogulitsa nyama. Mbaula imene ankakazingirapo inali ya malemu mayi ake, Doña Tránsito, yakuda bii, mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa. Mapapo a ng'ombe, amene kuno timati bofe, ankawadula timizere, kuwathira mchere, kenako m'mafuta, tswaa! Ukafinyirapo ndimu n'kuphatikiza nthochi yokazinga, ndithu unkaiwala kumene ukupita.

Kuyambira utsikana mpaka imvi zitayamba kusuzumira, Eufemia ankawaona mapapo ngati chinthu chofota, chotuwa, nyama ya ife amphawi. Zoti chinthucho chimagwira ntchito yanji m'thupi ankazidziwa ngati mmene tonse timazidziwira, pakamwa pokha.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina kunabwera mayi wamfupi wa magalasi, n'kuyamba kulimbana ndi Don Ovidio.

"Ndikufuna mapapo athunthu, m'mero wake uli pomwepo, osang'ambika ngakhale ndi chikhadabo."

"Profe, inu mumandizunza," anadandaula Don Ovidio. "Nyama yosadula ndi nyama imeneyo? Kapena mukufuna mukaiukitse ng'ombeyo?"

Eufemia pakamwa pake sipankakhala chinthu. "Pepani mayi, amenewo mumaphika bwanji? Ndi m'mero womwe?"

"Sitiphika, timaphunzitsira," anayankha mlendoyo.

Anali Yolima Arboleda, mphunzitsi, kapena kuti profe monga timanenera kuno, wa pakoleji yophunzitsa anthu othandiza odwala kupuma: ana a mphumu, okalamba obanika, ndi aja ogona pa makina opumira. Ataona kuti Eufemia wapinda mlomo mosakhulupirira, anapisa m'chikwama n'kutulutsa thumba la labala lalikulu ngati papaya, lokhala ndi kapaipi. Kapaipiko anakalowetsa m'mero wa mapapo aja, n'kumanga ndi chingwe cha Don Ovidio.

"Pukutani manjawo. Finyani apa."

Eufemia anafinya. Mayo ine! Chinthu chofota chija chinagwedezeka patebulo. Anafinyanso, ndipo chinayamba kudzuka, mbali ino kenako mbali iyo, makwinya onse akutambasuka, kutuwa kuja kukusanduka kufiirira kowala ngati mkati mwa gwafa. Chinakula mpaka kudzaza tebulo lonse, chosalala, chopepuka, chokongola moti munthu unkachita mantha kuchikhudza. Atasiya kufinya, chinatsika chokha pang'onopang'ono, chikutulutsa kamphepo kamene kanamukhudza Eufemia padzanja.

Msika wonse unali phokoso, koma pakonapo panangoti zii. Don Ovidio, munthu woti wapha ng'ombe zosawerengeka, anachita chizindikiro cha mtanda. Kuchiwaya bofe anali akupserera, mwini wake osamva n'komwe fungo.

"Zimenezi zikuchitika mwa inu panopa," anatero Yolima. "Zinayamba tsiku limene munabadwa, ndipo sizinapumulepo."

Eufemia misozi inangoti mbwee. Anakumbukira mayi ake mmene anafera, ali chokhala, atatsamira mapilo, kukamwa kuli yasa, akukoka mpweya umene sunkalowa. Iye analibe chochita china koma kuwakupiza ndi chikatoni chomwe chija ankakupizira moto. Ndiye kuti chinthu chokongola chonchi n'chimene chinawakanika mayi ake, ndipo kunja kuno kuli anthu odziwa kuchithandiza!

"Profe, kuti munthu aphunzire zimenezi pamafunika chiyani?"

Yolima anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuona kuti sakuseka. Anamuuza zonse mosabisa: satifiketi ya sekondale, mayeso a boma okhoza bwino makamaka sayansi, katemera yense wofunika kwa wogwira ntchito m'chipatala, kuyezedwa thupi, ndi kukaonekera pamaso pa aphunzitsi kuti akufunse mafunso. Akakutenga, ndi zaka zingapo za mabuku ndi kuphunzira m'mawodi.

Eufemia sukulu anaisiyira panjira, chaka chimene mayi ake anayamba kutsokomola. Don Ovidio, amene ankamuitana kuti komadre, dzina la mnzako wamkazi wokhala ngati wachibale, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Komadre, pa msinkhu wanuwo? Ana a sukulu azikupatsani mpando poyesa ndinu kholo la mnzawo!"

"Sekani, Don Ovidio. Tsiku limene mudzabanike ndi fodya wanuyo mudzandiitana ndi ulemu."

Analembetsa sukulu ya akuluakulu ya Loweruka, tsiku lenileni limene msika umadzaza ndipo chiwaya chimalemera. Anthu ankati wapenga. Masamu ankamupweteka mutu, sayansi ya mankhwala ndiye inkamuliza poyera. Mayeso a boma ulendo woyamba anagwa nawo chagada, moti sabata yonse sanalankhule ndi munthu, ndipo makasitomala ankagula mwakachetechete ngati ali pamaliro. Kenako anatolanso mabuku aja, mafuta ali mbuu pamasamba. Bofe sankamudulanso mwachisawawa. Ankayamba walondola ndi chala timipaipi ta mkati, mmene tagawikira ngati nthambi za mtengo mpaka kuchepa osaonekanso, ndipo nthawi zina ankangoima, mpeni uli m'manja, akupukusa mutu.

"Dokotala wa bofe, anthu akudikira kuno!" ankakuwa Don Ovidio.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wachiwiri anakhoza. Katemera anabayitsa mpaka mkono kutupa. Mafunso a aphunzitsi sanamuopse, poti kulankhula ndiye kunali kwawo. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chimodzi: kuyezedwa chifuwa. Eufemia anali ndi kachifuwa kam'mawa kamene sankauza munthu, ndipo akakwera masitepe ankaima pakati ngati akufuna chinthu m'chikwama. Ankaopa kuti akamumvetsera m'chifuwa amubweza pakhomo, zaka zonse za Loweruka zija n'kupita pachabe. Sabata imeneyo anamwa jinja wowiritsa ndi shuga wa nzimbe mpaka lilime kuchita dzanzi, ngati kuti makina angapusitsidwe ndi jinja.

Tsikulo anapeza kuti woyeza ndi Yolima yemwe uja. Anamutseka mphuno ndi kopanira, n'kumupatsa paipi yolumikiza ku makina.

"Kokani mpweya wonse. Tsopano uzirani! Uzirani, uzirani, musaleke, Doña Eufemia, utulukemo wonse, uzirani!"

Anauzira mpaka kuona nyenyezi, kenako chifuwa chija chinamugwira, kho kho kho, osaleka. Basi, chinsinsi chonse poyera. Yolima anayang'ana makinawo. Kenako anavula chomvetsera m'chifuwa chimene chinali m'khosi mwake, ndipo m'malo movala yekha, anamuveka Eufemia m'makutu.

"Mwadula mapapo a ng'ombe moyo wanu wonse. Lero mverani anu."

Anaika kachitsulo kozizira pamwamba pa chifuwa. Eufemia anapuma, n'kutong'ola maso. Munali mphepo! Mphepo yeniyeni, yofewa, yolowa ndi kutuluka ngati ikudutsa m'munda wa nzimbe. Zaka zonsezi wakhala akuyenda ndi chinthu chimenechi pansi pa epuloni, chikumugwirira ntchito ali m'tulo, ali pamkangano, ali kuseka, osachithokozapo ngakhale kamodzi.

Yolima anatsitsa kachitsulo kaja m'munsi, cha kunthiti. Kumeneko mphepo inali yopyapyala, ndipo pansi pake pankamveka kamluzu ndi kuthetheka. Eufemia phokoso limenelo ankalidziwa bwino. Linali ngati mafuta akayamba kutentha m'chiwaya.

"Umenewo ndi utsi wa makala," anatero Yolima.

"Ndiye kuti ndalephera, Profe?" Mawu aja omveka kokwerera basi anatuluka ngati a mwana.

"Malamulo a koleji sakukukanani. Mapapo anu atopa, koma sanagonje, ndipo malo anu alipo. Koma pa mafunso aja munati m'mawa muzikazinga, masana muzibwera m'kalasi. Mukatero, m'wodi mudzalowamo ndithu, koma pa bedi. Sankhani nokha."

Eufemia anabwerera kumsika wapansi, akupuma mosamala ngati wanyamula mazira. Mbaula ija inamulera iye, inaleranso ana ake. Chogwirira chake chinali chosalala chifukwa cha manja a mayi ake. Kuizimitsa kunali ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri, ndipo mtima unamuwawa zedi. Koma tsopano ankadziwa chimene chinkathetheka m'chifuwa cha Doña Tránsito masiku aja ankawakupiza ndi chikatoni.

Anapeza Don Ovidio atamusungira moto, makala ali psuu.

"Bwanji komadre? Akutengani, kapena tiwonjezere makala?"

Eufemia ananyamula ndowa ya madzi otsukira, n'kuima pang'ono pamaso pa mbaulayo. "Mayi, mundikhululukire," anatero chapansipansi, n'kukhuthula ndowa yonse. Moto unalira, chiutsi choyera chinakwera mpaka kumalata, ndipo Eufemia, amene moyo wake wonse ankaweramira mu utsi, anabwerera m'mbuyo n'kutseka mphuno ndi epuloni. Don Ovidio anavula chipewa.

"Nanga ife tizidya chiyani?" anafunsa.

"Ndizigulitsa madzi a zipatso ozizira. Muzimwa amenewo, mwinanso mimbayo ingaphwe."

Patapita milungu ingapo anatulukira pamsika m'mawa, atavala yunifolomu yabuluu ya ophunzira, yomuthina m'mapewa. Anaima patebulo la nyama ngati kasitomala wina aliyense.

"Don Ovidio, Profe andituma. Mapapo athunthu, m'mero uli pomwepo. Ndipo mukang'amba ngakhale pang'ono, mundiona."

Mkuluyo sanaseke. Anaika mpeni pansi, n'kusamba m'manja, kenako anawanyamula mapapowo ndi manja awiri, n'kumupatsa mmene amaperekera khanda.