Ndowa ya Ziphaso

Sanaodire. Ndinangomva galimoto ikuima kuseri kwa khola la mbuzi, kenako nsapato zolemera zikuponda nandolo amene ndinayanika pabwalo. Linali Lachisanu m'mawa, mwezi wa Seputembala, kutatsala masiku anayi kuti tivote. Ine ndinali ndi lichero m'manja.

Anali atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi, onse a yunifolomu. Sinditchula mayina awo, ngakhale polisi imene anachokera. Ndikungolemba zimene zinandichitikira.

"Ndinu mayi wosunga ziphaso?" anafunsa wamkulu wawo.

"Ndine ndemwe," ndinayankha, ndipo ndinayankha monyadira. Uchitsiru wanga unafika poti ndinawatsogolera ndekha m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kuwatsitsira ndowa ija kudenga.

Ndifotokoze za ndowayi. Mudzi wathu uli chakumunsi kwa Chiringa. Chaka chimene matope ndi miyala zinatsika m'phiri, nyumba zambiri zinagwa, koma yanga inatsala chifukwa malemu amuna anga anaimanga pachitunda ndi njerwa zootcha. Anthu anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Mabuku a kusikelo, makadi a kutchalitchi, ziphaso za unzika, zonse zinapita ndi madzi, ndipo kuti upeze china unkapalasa njinga mpaka ku Boma maulendo osawerengeka. Choncho amayi a m'mudzimo atapeza mapepala atsopano anayamba kubwera nawo kwa ine. Ndinagula ndowa yobiriwira ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, n'kuimangirira kudenga ndi luzi. Aliyense ankakulunga zake m'kajumbo, ine n'kulembapo dzina. Tinkati madzi akadzabweranso adzatenge mbale ndi mphasa, koma mapepala asadzawakhudze.

Nthawi yolembetsa mavoti itakwana, amene anayenda khomo ndi khomo ndine. Palibe anandituma. Chiyambire kuvota kwa zipani zambiri, ndili mtsikana, sindinajombepo, ndipo ndimapsa mtima ndikamva munthu akuti n'zopanda ntchito. Ena ankati, "Tinavota kale, mlatho uli kuti?" Ena ankati andale amabwera ndi nsalu n'kupita ndi voti, osawaonanso. Wovuta kuposa onse anali achemwali anga aakulu, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yanga. Iwo anali asanavotepo chibadwire.

"Iwe, voti imaphikidwa?" ankandifunsa. "Ndikaime padzuwa tsiku lonse nandolo akuthetheka kumunda, kuti munthu wina akagule galimoto?"

Ndinawavutitsa mpaka analembetsa kuti ndingowasiya. Amayi makumi atatu ndi awiri analembetsa, ndipo ziphaso zawo zovotera zinalowa m'ndowa limodzi ndi mapepala ena aja. Tinagwirizana kuti Lolemba madzulo aliyense adzatenge chake.

Wamkulu wa apolisi uja anatsegula chivindikiro, n'kuyang'ana anzake. "Ndi zimenezi," anatero. "Mayi, mwakhala mukugula ziphaso za anthu. Tiyeni."

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Achemwali anatuluka akuthamanga, mpango uli m'manja, akukuwa kuti afunseni eni akewo, onse ali pompano. Koma eni akewo ataona galimoto anali atalowa m'nyumba zawo n'kutseka zitseko. Ndinakwera kumbuyo, ndowa ili pakati pa miyendo ya wapolisi wamkazi uja.

Titafika anandilanda foni, mpango ndi masilipasi. Masana a tsiku lomwelo anandilowetsa m'kachipinda ka tebulo limodzi. Wofunsayo anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chichewa cha kumtunda. Poyamba ankati "inu mayi". Atathira ziphaso zija patebulo anasintha.

"Wakutuma ndani? Chipani chanji?"

Ndinati madzi ndi amene anandituma, n'kufotokoza za matope aja.

"Usandiuze nthano. Chiphaso chimodzi amakupatsa zingati?"

Ndinati ayang'ane bwinobwino, muli mabuku a kusikelo ndi makadi a ubatizo, kodi chipani chake n'chiti chogula buku la katemera wa mwana? Pakamwa panga ndi pamene pamandipweteketsa, ndikudziwa. Funso lachitatu linabwera ndi dzanja. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Analemba sitetimenti yake, ine ndinakana kusaina chifukwa munalembedwa kuti ndavomera. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha. Ndinati ine mundisunge, koma ziphasozo mubweze kumudzi lisanafike Lachiwiri.

"Umenewu ndi umboni," anatero. "Umboni suvota."

M'chitokosi tinalimo amayi asanu. Kutalika kwake kunali mapazi anayi, ndinayeza kambirimbiri chifukwa kukhala pansi kunkandikanika. Pakona panali ndowa yodzithandiziramo. Inali yobiriwira, ya mtundu womwewo ndi yanga, koma yopanda chivindikiro. Za ndowa imeneyo sindinena zambiri.

Chimene chinkandidya sichinali nsikidzi kapena simenti yozizira. Ndinkangoona nkhope za amayi aja mmodzimmodzi. Ndine ndinawakokera kolembetsa, ndine ndinati bweretsani kuno sizisowa, ndipo tsopano onse anali manjamanja chifukwa cha ine. Loweruka kunja kunkadutsa magalimoto a zimkuzamawu, nyimbo za zipani zikusinthana, ine n'kumangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Khalani pansi mayi, mukutichititsa chizungulire," anatero mayi wina amene anamugwira ndi kachasu. Atamva nkhani yanga anaomba m'manja. "Ha! Mwagona pasimenti chifukwa cha voti? Ine ndavotapo kanayi, ndipo kwathu ku Jenala tikuwolokabe pamitengo yomweyo. Chaka chino ngakhale akananditulutsa sindikanapita."

Mtsikana wina amene anamenyana ndi mkazi mnzake anati iye analembetsa ndipo zikumuwawa. "Ine sindivotera kuti wina alowe ayi," anatero. "Ndimafuna ndione munthu akutuluka." Tinakangana mpaka wapolisi wa pakhomo anamenya chitseko n'kunena kuti kampeni m'chitokosi ndi yoletsedwa.

Lamulungu achemwali anabwera ndi chinangwa chophika ndi thobwa. Anatilola kulankhulana pazenera la waya, wapolisi ataima pambali. Ndinawauza mofulumira kuti akauze amayi onse apite ndithu Lachiwiri, akanene mayina awo, mwina akawapeza m'kaundula.

"Wapenga eti?" anatero achemwali. "Kumudzi kulibe amene akugona tulo. Akuti mayina onse ali kuno, ndipo aliyense amene akaime pamzere akamunyamula ngati iwe. Ena athawira kwa abale kutsidya kwa malire. Ndinkakuuza ine, zavotizi zidzakupweteketsa."

"Achemwali, ndikukupemphani."

"Idya chinangwacho. Waonda kale."

Anachoka osandilonjeza kanthu. Ndinawakwiyira kwambiri, mwakuti chinangwa chija ndinagawira anzanga chonse.

Lolemba ndinafunsa za kukhoti, popeza ndinkamva kuti munthu sasungidwa masiku oposa awiri asanakaonekere. Anati abwana apita kukaperekeza mabokosi a mavoti. Ndinafunsanso masana, anati galimoto ilibe mafuta. Chakumadzulo, nthawi imene amayi aja akanabwera kwanga kudzatenga ziphaso, ndinagogoda chitseko mpaka zala zinatupa. Wapolisi wamkazi uja anabwera n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, musadzivutitse. Nkhani yanu aiona zisankho zikatha." Pamenepo ndinadziwa kuti palibe amene ankafuna kumva yankho langa. Ankangofuna Lachiwiri lidutse.

Lachiwiri kunali zii. Zimkuzamawu zinaleka, apolisi ambiri anapita kumalo ovotera, ndipo tinkangomva mabelu a njinga pamsewu. Ndinakwera pamsana pa mtsikana uja kuti ndisuzumire pakabowo ka mpweya. Ndinaona anthu akudutsa awiriawiri, ena atanyamula mipando, mayi wina atabereka mwana akuyenda mothamanga. Sindinkawadziwa, koma ndinawachitira nsanje yoopsa. Ndinatsika, n'kuyenda mapazi anga anayi aja, kupita n'kubwera. Dzuwa litapendeka ndinakhala pansi koyamba osauzidwa ndi munthu, ndipo ndinalira. Mayi wa kachasu uja sanandiseke. Anandifunditsa chitenje chake.

Wapolisi amene anabweretsa madzi madzulo ake anali ndi inki pachala. Anaona kuti ndikuyang'ana, n'kubisa dzanjalo kumbuyo.

Ananditulutsa Lachinayi m'mawa. Mnyamata wondifunsa uja anali atabwerera ku "inu mayi". Anati kafukufuku akupitirira, ndipite kunyumba pa belo, ndizikaonekera Lachisanu lililonse. Pankafunika mboni yondisainira, ndipo achemwali anali atakhala kale pabenchi panja. Iwo salemba, ndiye anawapatsa inki kuti adinde ndi chala chachikulu. Atatambasula dzanja, ndinaona chala chamkombaphala chili bii mpaka m'chikhadabo.

Tinatuluka pageti. Kuwala kunkandilasa m'maso, koma ndinawagwira dzanja lija.

"Ichi n'chiyani, achemwali?"

"Ndisiye, anthu akutiona."

"Munakavota inu?"

Anausa moyo. "Sindinapitire kuvota ine. Ndinaona kuti masiku akupita, iwe uli wekha muno, ndipo pazenera paja amandithamangitsa ndisanakuone n'komwe bwinobwino. Ndiye ndinati, si akuti aliyense wa m'ndowa akaima pamzere amunyamula? Basi andinyamule, ndikagone ndi mng'ono wanga. Ndinavala zitenje ziwiri, china chako, n'kumangirira chinangwa m'chiuno. Ndinakaima kutsogolo kwenikweni kwa wapolisi. Ndinamuyang'ana, iye n'kumangoyasamula. Mzere ukuyenda, ine ndikudikira kuti andigwire, mpaka ndinangozindikira ndafika patebulo."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinatchula dzina langa mokweza, ndi mudzi womwe, kuti amve bwino. Ndinati chiphaso ndilibe, chili kupolisi. Kamtsikana kenakake ka patebulopo kanayang'anayang'ana m'kaundula, n'kundionetsa nkhope yanga, kuti mayi si inu awa? N'kundipatsa mapepala. Nanga ndikanatani? Ndinavota."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, a kabaza akutiyang'ana. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, achemwali n'kumandikalipira kuti ndikuwachititsa manyazi.

Anandiuza zotsalazo tili m'njira. Atachoka kovotera kuja anathamanga mpaka kumudzi, munthu wodandaula mawondo tsiku ndi tsiku, akugogoda khomo lililonse n'kumaonetsa chala. Koma dzuwa linali litapita. Amayi asanu ndi mmodzi anawakhulupirira n'kuthamangira kusukulu kumene anthu ankavotera, ndipo anayi anapeza mzere usanatsekedwe. Ena onse anakhala m'nyumba. Pa anthu makumi atatu ndi awiri a m'ndowa, anavota asanu. Ine sindinali mmodzi wa iwo.

Pambuyo pake ndinamva pa wailesi anthu ophunzira akukambirana chifukwa chimene ena savotera. Ankati ndi ulesi, ena ankati ndi umbuli, ena ankati anthu anatopa ndi malonjezo. Kutopako n'koona, ndinagona nako m'chitokosi chimodzi. Koma amayi a kwathu sanali aulesi. Anaona galimoto itaima pakhomo panga, ndipo zimenezo zinakwana.

Ndinkakaonekera Lachisanu lililonse mpaka mvula inagwa. Tsiku lina anangondiuza kuti mlandu palibe, ndisabwerenso, n'kunditulutsira ndowa yanga kuchokera m'chipinda cha katundu. Palibe anapepesa. Amene anakandinenera sindikumudziwa, ndipo ndinaleka kufufuza. Nditafika kunyumba ndinatsegula chivindikiro. Ziphaso zonse zinalimo, zouma bwinobwino, popanda ndi dontho lomwe. Madzi tinawapambana ndithu.

Sabata yomweyo ndinayenda khomo ndi khomo kachiwiri, kubweza kajumbo kalikonse kwa mwini wake. Ena ankakana, ankati nanga mvula ikabwera. Ndinati sokerani m'chitenje, ikani m'botolo, chitani chilichonse, koma chikhale m'manja mwanu. Ndinkaganiza kuti ufulu wa anthu ndingawasungire ine pamalo abwino. Koma tinauika wonse m'ndowa imodzi, ndipo munthu mmodzi anaunyamula ndi dzanja limodzi. Masiku ano ndowayo ndimatungira madzi.

Ndikamva galimoto ikuima pafupi, mtima umagundabe. Koma ndimatuluka n'kukaima pabwalo, sinditseka chitseko.

Inki ya achemwali inatenga masabata angapo kuti ithe, ndipo ankatsuka mbale chala chimenecho atachiimika. Tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde ndinalephera kupirira.

"Koma achemwali, munavotera ndani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, si unkati n'zachinsinsi? Udzavote wekha ulendo winawo. Ndidzakudzutsa ine."